Moto wa m'phiri timauzimitsa ndi khasu mu Julayi

Alimi anzanga okhala m'tsinde mwa mapiri, kaya ku Mulanje, ku Phalombe, ku Zomba kapena ku Dedza, usiku wa mu Okutobala mumaudziwa. M'nyumba mwatentha, mwatuluka kukapitidwa mphepo pakhonde, ndiye mukuona mzere wofiira ukukwawa m'phiri ngati njoka. Ana amaloza n'kumakondwa. Akuluakulu tidazolowera, timangoti "phiri layamba kupsa" n'kubwerera pamphasa. Kuzolowera kumeneku kumandiwawa mumtima, chifukwa chimene chikupsacho ndi madzi athu, nkhuni zathu, udzu wofolera ndiponso mbande zimene tidavutika nazo kubzala nthawi ya dzinja.

Moto wa mwezi umenewu n'ngosiyana ndi wa mu Juni. Mvula imakhala idasiya kale mu Epulo. Chiperoni chimanyowetsako udzu m'nyengo yozizira, koma pofika Sepitembala chapita, tsekera wauma gwa, masamba ayoyoka n'kuunjikana pansi. Masana kamvuluvulu amanyamula lawi n'kukaliponya patsidya. Ndiye pali chinthu china chimene anthu a kuchigwa sachidziwa bwino: moto ukamakwera phiri umathamanga. Malawi amaweramira ku udzu wa kumtunda n'kumauwamba usanafikidwe, motero umangoti lipu. Akatswiri a zamoto amati malo akapendekeka ndi madigiri 10, liwiro la moto limawirikiza kawiri. M'khwawa ndiye zoopsa, mphepo imaukoka ngati m'chumuni. Munthu wonyamula nthambi sangaupirikitse moto wotere.

N'chifukwa chake ndimati ntchito yeniyeni ndi yolambula njira yotchinga moto, ija ambiri timangoti fayabuleki, ndipo nthawi yake ndi Juni ndi Julayi, tikangomaliza kukolola. Nthawi imeneyo dothi likadali lofewa, dzuwa silinakwiye, manja aliponso. Mukachedwa mpaka Ogasiti lambulanibe, koma dziwani kuti mukupikisana ndi anyamata a mbewa.

Kalambulidwe kake n'kotere. Zungulirani nkhalango ya mudzi, munda wa mitengo kapena malo a ming'oma ya njuchi ndi njira yosachepera mamita 5 mulifupi. Pamene pali tsekera wamtali kapena potsetsereka kwambiri, fikitsani mamita 10, makamaka mbali ya kumunsi, chifukwa moto wolusa umabwera chokwera. Kutchetcha kokha sikukwanira. Palani ndi khasu mpaka dothi lionekere, moti munthu atayenda osavala nsapato asaponde kaudzu. Ndaonapo njira yolambulidwa bwino ndithu, anthu atakhetsa thukuta sabata yathunthu, koma udzu wonse adauunjika m'mphepete momwemo. Moto utafika udangopeza nkhuni zokonzeratu, malawi adatalika n'kulumpha. Udzuwo tutani. Wabwino mukafolere nyumba, wotsala mukapangire manyowa kapena kuphimbira m'munda. Yang'ananinso kumwamba: nthambi za mbali iyi zikamakhudzana ndi za mbali inayo, moto umawoloka ngati paulalo. Sadzani.

Kumapiri pali msampha wina. Njira yopalidwa yoongoka kuchokera pamwamba kutsikira pansi imasanduka ngalande mvula ikagwa, ndipo pakatha zaka ziwiri muli ndi chigwembe. Pamene mungathe, idutseni chopingasa monga timachitira ndi akalozera. Pamene simungachitire mwina, ikani timizere ta miyala topingasa totchinga madzi. Ndipo musaiwale kubwererako mu Sepitembala, poti masamba amakhala agweramonso. Kusesa kwachiwiriku n'kumene midzi yambiri imalephera.

Za kutentha tchire moyambirira, udzu usanaumitsitse, n'zothandiza m'nkhalango zachilengedwe za mitengo ikuluikulu, chifukwa moto wake umakhala wozizira. Koma musachite nokha. Itanani alangizi a zankhalango, amfumu adziwe, ndipo yatsani madzulo mphepo itagona. Pamene pali mbande kapena mphukira zazing'ono musayerekeze n'komwe.

Ndanena za mbande chifukwa cha mkungudza. Mtengo umenewu, umene ndi mtengo wa fuko lathu, umamera mwachilengedwe m'phiri la Mulanje mokha pa dziko lonse lapansi. Kafukufuku wa mu 2017 adapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha yotsala. Macheka ndiwo adagwetsa makolo ake, koma chimene chimapha ana ake ndi moto. A Dipatimenti ya Zankhalango, bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anthu a m'midzi yozungulira akhala akubzala mbande zambirimbiri pamwamba paja, zina kuzisenza pamutu kuchoka nazo kunazale. Kambande kofika m'bondo sikapirira moto ngakhale wa mphindi zochepa. Mitsinje ya Likhubula, Ruo, Lichenya ndi Thuchila imachokera komweko. Phiri likamapsa chaka ndi chaka dothi limatsala lamaliseche, madzi amvula salowa pansi, amangotsetsereka ndi matope. Amene tidaona zimene namondwe wa Freddy adachita mu Malichi 2023, kapena akulu amene akukumbukira Napolo wa ku Phalombe mu 1991, sitifunika kuuzidwa kuti phiri likamasuka limatani.

Tisanamizane, moto sugwa kumwamba. Amayatsa ndi ana athu posaka mbewa, ofula njuchi amene amataya muuni ukufuka, owotcha makala, osaka nyama, ndi ife tomwe pososa minda. Bambo amasonkha mapesi masana dzuwa lili paliwombo, n'kupita kukamwa madzi kunyumba, pobwera moto uli m'munda mwa eni. Mapesi musatenthe, ndi chakudya cha nthaka. Lamulo la zankhalango la 1997 limaletsa kuyatsa moto m'nkhalango zotetezedwa, koma amfumu, chindapusa chimene mudzi wagwirizana pabwalo anthu amachiopa kuposa lamulo lolembedwa. Kambiranani msanga, komiti ya zachilengedwe ikhale ndi anthu olondera mosinthana kuyambira Sepitembala mpaka mvula yoyamba, ndipo aliyense adziwe kuti likhweru kapena chitsulo chikalira, n'chiyani.

Moto ukabuka ndithu, moyo wa munthu ndiwo woyamba. Musaime kumtunda kwa moto, ndipo musauthawe chokwera, udzakupezani. Ulowereni chakumbuyo ndi m'mbali, mukumenya ndi nthambi zaziwisi cholozetsa ku lupsa, ena akuthira dothi ndi makasu. Zikavuta thawirani pamene papsa kale kapena pathanthwe. Valani zovala za thonje ndi nsapato zotseka. Nayiloni amasungunukira pathupi. Tengani madzi akumwa, musatume ana, ndipo muwerengane popita ndi pobwera.

Malawi akatha musabalalike onse. Chitsa chouma ndi ndowe za ng'ombe zimasunga moto usiku wonse. Pamwamba pamaoneka phulusa loyera, koma ukayandikitsa kuseri kwa dzanja umamva kutentha, ukafukula ndi khasu umapeza khala lofiira psu. Mphepo ya mawa lake masana ikalipeza, ntchito yonse mwayambiranso. Anthu awiri kapena atatu atsale, ayende m'malire monse mwa lupsa mbandakucha, akwirire chitsa chilichonse chofuka ndi dothi.