Juno-106 yanu ikumadumpha makiyi ena? Umu ndi momwe mungapezere voice yodwala ndikuikonza

Ngati kutchalitchi kwanu kapena ku band kwanu kuno ku Kasungu kuli Roland Juno-106 yomwe anthu anaiponya ku sitolo ati inafa chifukwa ukamaimba makiyi ena sakulira, chonde musaigulitse kwa a zitsulo. Kiyibodi imeneyi inatuluka 1984, ili ndi ma voice 6, kutanthauza kuti imatha kuliza makiyi 6 pakamodzi, ndipo voice iliyonse ili ndi chipu chakechake cholembedwa 80017A. Nthawi zambiri chimakhala chipu chimodzi chokha chadwala, zisanu zinazo zili bwinobwino.

Musanayatse nkomwe yang'anani kalebulo kakumbuyo. Magetsi athu kuno ndi 230V, koma katundu wochokera ku Japan amakhala wa 100V ndipo wa ku America ndi 117V, ndiye mukangoibaya pakhoma popanda step-down transformer, kachipangizo kotsitsa mphamvu ya magetsi, mupsereza zinthu zomwe zinalibe mlandu.

Kenako mvetserani matendawo. Voice yodwala imadziwika chonchi: mukamamenya kiyi ndi kiyi pamakhala ina yomwe ingokhala chete, kapena ilira chapansipansi, kapena kuthetheka ngati chimanga chokazinga, kapenanso mwachotsa chala koma mawu akungolirabe osasiya. Zina zimayamba bwino m'mawa ndikudzayamba misala mkati mukatentha, ndiye isiyeni choyaka kaye musanaiweruze. Koma ngati ndi kiyi yomweyomweyo nthawi zonse imene sikulira, tinene C wapakati, limenelo si vuto la voice ayi, ndi fumbi lalowa pansi pa kiyiyo, ndipo ndi fumbi lathu la mu Okutobala musadabwe. Pukutani ma contact, pomwe kiyi imagunda pansi pake kuti ilire, basi.

Tsopano tipeze kuti ndi voice nambala chani. Zimitsani, gwirani batani la KEY TRANSPOSE, yatsani mukuligwirabe, apo mwalowa mu test mode. Dinani POLY 1 ndi POLY 2 pamodzi, ndiye muzimenya kiyi imodzi mobwerezabwereza, pa kasikirini pazioneka 1, 2, 3 mpaka 6 ndikubwereranso. Nambala imene mawu asokonekera ilembeni papepala. Apa ndipomwe ambiri amathamanga ndikuononga ndalama, chifukwa ngati afa ndi ma voice awiri oyandikana, 1 ndi 2, kapena 3 ndi 4, kapena 5 ndi 6, mwina 80017A alibe mlandu, wolakwa akhoza kukhala MC5534A, chipu chomwe chimapanga wave, zilimo zitatu zokha ndipo chilichonse chimadyetsa ma voice awiri.

Zulani pulagi kukhoma, osangozimitsa switch. Masulani ma screw am'mbali, panelo imatseguka chokwera m'mwamba. Jambulani ndi foni mawaya onse musanazule kalikonse. Ndi multimeter onani kuti power supply ikupereka +15V, -15V ndi +5V, apa mukhala mutayatsanso ndiye manja kutali ndi mbali ya transformer. Onaninso ngati makoswe kapena mphemvu sizinachiteko zake. Zonse zikakhala bwino, zimitsani ndikuchotsa bodi yomwe pali tizipu takuda toimirira mondondozana.

Kuzula chipu ndiye ntchito yofuna mtima. Ma track a bodi imeneyi, timizere ta kopa todutsamo magetsi, ndi okalamba, mukakanikiza soldering iron nthawi yayitali amasupuka, mukakoka chipu mwendo umodzi usanamasuke mumang'amba bodi. Yamwani solder ndi sucker mwendo ndi mwendo mpaka chipu chizigwedera chokha. Ngati dzanja lanu silinazolowere, tengani bodiyo kwa achimwene okonza mafoni kapena ma TV pamsika mukhale nawo pompo, muwauze kuti asaombe ndi hot air ngati akukonza foni. Ine ndimakonda kuikapo ma socket pamalopo, chifukwa mukatero mutha kusinthanitsa chipu chokayikitsacho ndi cha voice ina. Vuto likasamuka ndi chipu, mwachigwira. Likatsala pa nambala yomweija ndiye kuti lili pa bodi, fufuzani solder yosweka ndi tinthu tozungulira pamenepo.

Chimene chimapha 80017A kwenikweni ndi utomoni wakuda womwe anachikutira nawo ku fakitale. Mkati mwake muli filter ya IR3109 ndi ma BA662 awiri, ndipo utomoniwo ukakalamba umayamba kudutsitsa magetsi posayenera. Ndiye njira yotchipa ndi kuchiviika mu acetone, m'botolo lagalasi lotseka bwino, masiku awiri kapena atatu mpaka utomoni utafewa ndikuyamba kusendeka. Acetone akhale weniweni, osati wochotsera cutex uja chifukwa amasakaniza ndi mafuta, kuno akasowa tumani munthu wopita ku Lilongwe. Botolo likhale panja pamthunzi kutali ndi mbaula ndi ana, amayaka moto msanga kwambiri. Posenda gwiritsani kamtengo kotokosera m'mano osati lezala, tinthu tamkatimo ndi tating'ono zedi, ndipo miyendo ya chipu imatha kumasuka ndiye ionetsetseni ndikuiwotchereranso.

Sizonse zimadzuka, ndinene chilungamo. Chikakana, pali zipu zatsopano zolowa m'malo mwake monga za Analogue Renaissance, zimafunika kuitanitsa kunja. Ngati thumba likulola chitani zonse 6 kamodzi chifukwa zinabadwa limodzi, koma ngati ndalama ndi yochepa konzani yodwalayo kaye kwaya iziimba.

Mukabweza chipu onetsetsani kuti mwendo woyamba walowa mbali yoyenera, fanizirani ndi chithunzi chija. Kenako voice yokonzedwayo imafunika calibration, kuichuna kuti ifanane ndi zinzake, apo ayi izimveka mosiyana ndi zinzake mukagwira chord. Pa bodi pali timatrimmer, topotokola ndi screwdriver, ta voice iliyonse, ta VCF frequency ndi resonance (za filter yosefa mawu) ndi VCA (kukweza kwa mawu), ndipo ndondomeko yake ili mu service notes za Roland zomwe zimapezeka pa intaneti. Pamafunika oscilloscope, makina oonetsa wave pa sikirini, ndi tuner, kiyibodi itayaka kaye mphindi zosachepera 10. Ngati mulibe zida zimenezi musapotokole ma trimmer a ma voice abwino aja, gwirani a voice yomwe mwakonza yokha, pang'onopang'ono, mukufanizira ndi inzake mu test mode muja.