Dzino lomatidwa ndi chitsulo chotuwa

Abale anga kuno ku Thyolo, chitsulo chotuwa chomwe amamatira dzino lobooka chija, amalgam, pafupifupi theka lake ndi mercury, chitsulo chamadzimadzi chomwe ndi poizoni. Komabe ngati sichinang'aluke ndipo dzino silikupweteka, chisiyeni. Pochikumba m'pamene mpweya wa mercury umatuluka wambiri, dzinonso limaperewera.

Ofunika kusamala ndi amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 15. Mu 2022, mayiko a pangano la Minamata, lochepetsa kugwiritsa ntchito mercury, anagwirizana kuti amenewa asamaikidwe amalgam pokhapokha dokotala ataona kuti palibe kuchitira mwina. Choncho amayi, musachite manyazi, nenani kuti muli ndi pakati, mupemphe chomatira choyera cha composite kapena glass ionomer.

Inetu ndimaopa kwambiri mafuta oyeretsa khungu a m'misikawa. Ena amakhala ndi mercury, ndipo amawononga impso.