Mmene mungadziwire ngati kampani ndi ya boma kapena ayi

Kwathu kuno ku Tete kampani ikangokhala yayikulu timathamangira kuti "ndi ya boma imeneyo", kaya EDM ya magetsi, kaya HCB ya damu la Cahora Bassa ku Songo, kaya mgodi wa malasha ku Moatize. Ayi abale anga, sizofanana zimenezi.

Yambani ndi kuyang'ana zilembo zomwe zili kumapeto kwa dzina, pachikwangwani cha ofesi kapena pakalata yawo. Mukaona E.P. ndiye kuti ndi empresa pública, mpamba wonse ndi wa boma, munthu wamba alibemo gawo olo pang'ono. EDM yomwe timagulako magetsi olipiriratu a Credelec ija ili m'gulu limeneli, inayamba 1977. CFM ya njanji ya Sena yochoka ku Moatize mpaka ku Beira nayonso, komanso Rádio Moçambique.

Mukaona S.A. apa ndiye dekhani, chifukwa kampaniyo inagawidwa m'masheya ndipo boma likhoza kukhala ndi ambiri, ochepa, kapena osakhala nawo n'komwe. HCB ndiye chitsanzo chathu chenicheni. Kwa zaka zambirimbiri damu lili pa Zambezi pathu pompa koma gawo lalikulu linali la Portugal, mpaka pa 27 Novembala 2007 pomwe Mozambique inatenga 85%, ndiye mu 2019 anagulitsako masheya 4% kwa nzika za dziko lino pa mtengo wa mametikali 3 sheya imodzi, kutanthauza kuti mphunzitsi wa ku Ulongwe kapena mayi wogulitsa mbatatesi akhoza kukhala mmodzi wa eni ake. Ine zimenezi zimandisangalatsa zedi. LAM ya ndege, Tmcel ya mafoni ndi Petromoc ya mafuta nawonso ndi ma S.A. omwe boma, palokha kapena kudzera m'makampani ake, lili ndi gawo lalikulu.

Koma Vulcan, yomwe inagula mgodi wa ku Moatize uja kwa kampani ya Vale mu 2022, ndi ya anthu abizinesi akunja. Mukakayika, fufuzani ku bungwe la boma la IGEPE, ndi amene amayang'anira magawo a boma m'makampani, ndipo lamulo loyendetsera makampani a boma ndi nambala 3 la 2018.

Chipatala, sukulu ndi polisi musaziyike muno, si makampani, zimayendera bajeti ya boma.

Musazitenge mopepuka, kampani ya boma ikamangoluza ndalama zokwirira dzenjelo zimachoka pa misonkho yathu, ndipo zikafika poipa amaitseka ngati momwe anachitira ndi kampani ya positi ya Correios de Moçambique mu 2021. Amene mukufuna masheya a HCB, pitani kubanki yanu ndi chitupa chanu cha BI ndi nambala yanu ya msonkho ya NUIT mukafunse za msika wa masheya wa Bolsa de Valores, chifukwa amagulidwa kudzera kumeneko.