Dikoda ya dishi ikavuta: yambani ndi adaputa ndi waya, musathamangire kuitsegula

Dikoda ikasiya kuonetsa zithunzi, vuto nthawi zambiri silikhala mkati mwake. Limakhala pa adaputa, pa waya wochokera ku dishi, kapena pa LNB, kachipangizo kokhala kutsogolo kwa dishi kaja. Konzekerani multimeter (choyezera magetsi), mpeni wakuthwa, pulayazi, ma F connector (tizitsulo tolumikizira waya wa dishi) atsopano ndi tepi ya labala yodzimata yokha.

Yambani ndi magetsi. Ngati kanyale ka kutsogolo sikakuyaka, kapena dikoda ikungoyaka n'kuzima, werengani zolembedwa pa adaputa. Zambiri zimakhala 12V, 1.5A kapena 2A. Kuyeza kokha sikukwanira, chifukwa adaputa yotopa imatha kuonetsa 12V ili payokha koma n'kufooka ikangolumikizidwa. Njira yachidule ndi kubwereka ina ya 12V yomweyo, ya ma amp ofanana kapena oposerapo, yolowa bwino pabowo. Pogula yatsopano, inyamuleni m'manja. Yolembedwa 2A koma yopepuka ngati mulibe kanthu, isiyeni, ngakhale wogulitsa alumbire bwanji.

Ngati dikoda ikuyaka koma ikulemba "No Signal", zulani pulagi pakhoma musanakhudze waya. Waya wa dishi sunyamula zithunzi zokha ayi. Dikoda imatumizamonso magetsi kupita ku LNB, 13V pa matchanelo a vertical ndi 18V pa a horizontal. N'chifukwa chake matchanelo ena akamaoneka ena atasowa, kawirikawiri 18V ija siikufika kudenga.

Apa ndi pofunika kudekha, pa F connector, kachitsulo kopota kumapeto kwa waya. Imasuleni, muyang'ane mkati ndi tochi ya foni. Waya wa dishi, wotchedwa RG6, uli ndi mtima wa mkuwa pakati, pulasitiki yoyera, kenako tiulusi tachitsulo tolukana. Kaulusi kamodzi, kochepa ngati tsitsi, kakakhudza mtima uja kamachita shoti. Madikoda ena amalemba "LNB short", ena amangozimitsa magetsi opita ku dishi osanena kanthu, munthu n'kuyamba kuganiza kuti tuner, mbali ya dikoda yolandira signal, yapsa. Musavutike ndi kuwongola connector yakale, dulani mupange ina. Sendani chikopa chakunja pafupifupi 15mm osakanikiza mpeni, pindirani tiulusi tonse kumbuyo, dulani pulasitiki yoyera kusiya 3mm yokha. Mpeni usalembe mzera pa mkuwa, chifukwa pamenepo ndi pomwe umadzathyokera. Potani connector mpaka pulasitiki yoyera ifike ndendende pakabowo ka mkati, ndipo mtima utuluke pafupifupi 2mm kupitirira mlomo wa nati ya connector. Ukafupika sufika mu dikoda, ukatalika kwambiri umapindika kapena kuwononga bowo lolowera.

Mukatero yesani waya wonse. Mbali zonse ziwiri zikhale zomasula, multimeter ikhale pamalo amene imalira nsonga zake ziwiri zikakhudzana, nsonga ina pa mtima, ina pa nati. Isalire. Ikalira ndiye kuti shoti idakalipo. Kenako lumikizani dala mtima ndi nati mbali imodzi pogwiritsa ntchito kawaya, muyeze mbali inayo. Tsopano iyenera kulira, ikapanda kutero waya waduka penapake. Chitani chimodzimodzi ku connector ya kudenga, yomwe ndiyo imamwa mvula. Mukasenda n'kupeza tiulusi tadetsedwa kapena tikufumbutuka, madzi analowa. Dulanibe mpaka mupeze powala, ndipo pomaliza kulungani ndi tepi ya labala ija, osati tepi wamba ya magetsi yomwe imamatuka ndi dzuwa. Pogula waya tengani maginito. Akakakamira pa mtima, ndi chitsulo chongokutidwa mkuwa. Pamtunda waufupi chimagwira ntchito, koma waya ukatalika chimataya magetsi ambiri kuposa mkuwa weniweni.

Waya ukakhala bwino, tsegulani menu pa signal. Musanyengeke ndi strength (mphamvu ya signal), imene ili yofunika ndi quality (ubwino wake). Strength ilipo koma quality ili 0, kawirikawiri dishi yasuntha kapena nthambi yatchinga. Ikani chizindikiro pa mtengo umene dishi yamangidwapo, masulani mabauti pang'ono, muzisuntha pang'onopang'ono wina akuyang'ana pa TV. Onaninso kuti LNB yaikidwa pa Universal, 9750/10600. Zonse zikakhala 0 pomwe magetsi akufika, sinthani LNB. Mvula yamphamvu ikamagwa musakwere kudenga, zithunzi zimabwerera zokha ikakata.

Dikoda yongoima pa chizindikiro choyambira, yesani factory reset, kuibwezera mmene inalili ili yatsopano. Software iikeni yokhayo ya mtundu wa dikoda yanuyo, ndipo magetsi asazime ili mkati molowa. Rimoti iyeseni poilozetsa pa kamera ya foni, kanyale kake kaoneke kakuphethira.

Kutsegula kukhale komaliza, ndipo ngati ili pa waranti musatsegule. Mkati funani ma capacitor (tizitini tosunga magetsi) otupa pamwamba, muwasinthe ndi a µF omwewo, a 105°C, mwendo wa minus ulowe pomwe unali. Dikoda yolowa magetsi a pakhoma mwachindunji ili ndi capacitor yaikulu ya 400V yomwe imasungabe moto pulagi itazulidwa. Dikoda yotereyo ipititseni kwa amisiri.