Momwe mungayambitsire magazini ya alembi achinyamata pa intaneti muli pasukulu

Kuno ku Zomba alembi achinyamata sasowa. Ku Chirunga, ku Domasi, ngakhale m'masekondale muli anyamata ndi atsikana omwe makope awo adzaza ndakatulo ndi nkhani, koma alibe pozitulutsira. Mwambo wolemba ndi wakale ndithu. Gulu la alembi la ku Chancellor College linayamba mu 1970, kolejiyo isanasamukire kuno mu 1973, ndipo ankakumana n'kumawerengerana zomwe alemba. Lero zinthu zaphweka, chifukwa foni, bandulo ndi anzanu odalirika n'zokwanira kuyambira. Ife tinayambitsa yathu tili ophunzira, ndiye ndikuuzani momwe zimayendera.

Yambani ndi anthu, tsamba libwere pambuyo. Atatu kapena anayi akwana: wina woona ndakatulo, wina nkhani zazifupi, wina wodziwa za kompyuta. Musatengane a chaka chimodzi nokhanokha. Mukhale wina wa chaka choyamba kapena chachiwiri, poti nonse mukamaliza maphunziro tsiku limodzi magazini imathera pomwepo. Gwirizanani dzina, zilankhulo zomwe muzilandira, komanso kuti muzitulutsa kangati. Kamodzi pa semesita n'kokwanira. Ofuna kutulutsa mwezi ndi mwezi amagwa ulesi mayeso akangoyandikira.

Tsopano pa tsamba lenilenilo, apa ndichedwapo chifukwa ndi pomwe ife tinapsa. Tinkafuna adiresi yooneka bwino yothera ndi .com, ndiye tinasonkherana n'kupereka ndalama kwa mkulu wina wa m'tauni yemwe ankati amakonza mawebusayiti. Ntchito anagwiradi, tsamba linaoneka bwino, alembi anasangalala. Koma adiresiyo anailembetsa m'dzina lake ndi imelo yake, ndipo ife anangotipatsa polowera poika nkhani basi. Chaka chitatha anatchula mtengo wina wokwera kwambiri. Tikusakasaka ndalama tsamba linatsekedwa, foni yake inasiya kuyankhidwa, ndipo ndakatulo zonse za alembi athu zinapita. Ena mwa iwo analibe kope lina, analembera pafoni yomwe inawonongeka kalekale. Kuwauza zimenezi kunali kowawa kuposa ndalama zomwe zinalowa m'madzi.

Choncho chitani motere. Tsegulani imelo ya Gmail m'dzina la magaziniyo, isakhale ya munthu. Chilichonse mungatsegule pambuyo pake chilembetsedwe ndi imelo imeneyi. Pasiwedi aidziwe anthu osachepera awiri, ndipo nambala ya foni yobwezeretsera akaunti ikhale ya munthu yemwe akhalitse pasukulupo, bwinonso mphunzitsi yemwe akukuthandizani. Kenako tsegulani tsamba laulere pa WordPress.com kapena pa Blogger. Adiresi yake imathera ndi wordpress.com kapena blogspot.com, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Owerenga amabwerera ndakatulo, za adiresi alibe nazo ntchito.

Mukadzafuna .com yanuyanu, dziwani kuti salipira kamodzi, amalipira chaka ndi chaka, kawirikawiri madola apakati pa 10 ndi 20, ndipo pamafunika khadi la ku banki lotha kulipira kunja. Ndi kusowa kwa ndalama zakunja kuno kwathu, apa ndi pomwe madobadoba amalowera. Ngati wina akulipirirani, khalani naye pompo, alembetse ndi imelo ya magazini inu mukuona. Akayamba zoti "musadandaule, ndizikusungirani ine", tengani ndalama zanu muzipita. Mukatulutsa kope lililonse, sungani zonse pa Google Drive, yomwe imapereka malo aulere okwana 15GB. Potsitsa zonse za patsamba kuti muzisunge, pa WordPress pali Export pansi pa Tools, pa Blogger pali Back up content. Sizitenga nthawi.

Zolemba muzilandira kudzera pa imelo ija kapena Google Forms. Pa WhatsApp muzingolengezera, chifukwa zotumizidwa pagulu zimakwiririka ndi macheza. Pachilengezo nenani tsiku lotsekera, kutalika kwa nkhani, komanso kuti umwini wa cholembacho ukhalabe wa mlembi, inu mwangopempha chilolezo chochitulutsa. Lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza zimenezi, ndipo a COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso, ndi omwe amayang'anira. Ana a sekondale osakwana zaka 18 abwere ndi chilolezo cha kholo kapena mphunzitsi, ndipo nambala zawo za foni musaziike patsamba.

Posankha, mmodzi achotse mayina a alembi ena asanawerenge, kuti chibale ndi chinzake zisalowerere. Ndakatulo ikakoma modabwitsa, tengani mzere umodzi muusake pa Google, okopera za eni alipo ndithu. Musasinthe mawu a munthu osamufunsa. Za kalembedwe koyenera ka Chichewa, a Centre for Language Studies ali konkuno ku Zomba. Amene simunawasankhe ayankheni ndi ulemu, muwauzeko chimodzi choti akonze.

Zotsalazo n'zosavuta. Chikuto konzani pa Canva, pulogalamu yaulere yokonzera zithunzi. Zithunzi zichepetseni kukula, owerenga anu ambiri ali pafoni ndi bandulo yochepa. Ndakatulo iyang'aneni pafoni musanaitulutse, mizere imakonda kuduka polakwika. Ikani linki pa Facebook ndi pa WhatsApp, alembi eni ake adzaifalitsa. Ena amapanganso PDF yoti anthu azitumizirana, n'zabwino. Semesita yanu yomaliza ikayamba, khalani pansi ndi omwe akutsala, muwapatse pasiwedi zonse, musinthe nambala yobwezeretsera akaunti, ndipo kope lotsatira alitulutse okha inu mukadalipo.