Wikendi yokasaka mbalame ku Beira kuchokera ku Harare

Abale a kuno ku Harare, nyanja yamchere tilibe, koma Beira sikutali kwenikweni. Nyamukani Lachisanu m'mamawa kudzera ku Mutare, muwoloke boda ya Forbes kulowa Machipanda, basi mseu womwewo mpaka ku Beira. Pasipoti ndi mapepala a galimoto musaiwale, neti ya udzudzunso, malungo kumeneko si masewera.

Nthawi yabwino ndi kuyambira Okutobala mpaka Malichi, pomwe mbalame zothawa chisanu cha ku Ulaya ndi Asia zimakhala zafika. Koma chachikulu ndi madzi. Funsani asodzi nthawi yomwe nyanja imaphwa ndi kudzadza, chifukwa ikaphwa mbalame zimakadya kutali pamatope simuziona bwino, ndiye inu mukhale pansi phee madzi akamabwerera, azikukankhirani ma whimbrel (mbalame za milomo yaitali yopindikira pansi) ndi timbalame tina ting'onoting'ono pafupi penipeni. Ine pamenepa mtima umagunda ndithu.

Lamulungu lawirirani ku Rio Savane, kumpoto kwa tauni, mukayang'ane mangrove kingfisher, kambalame ka mlomo wofiira, m'mitengo yomera m'matope a m'mphepete mwa nyanja. Valani zosawala, foni ikhale chete, mabainokyula muziwapukuta pafupipafupi poti mphepo ya mchere imawachititsa chifunga. Pofika masana yambani ulendo wobwerera, mseu wake usiku ngotopetsa.