Mmene mungathandizire m'bale amene walowerera mowa kapena chamba

Musanayambe, konzani buku lake la kuchipatala, lembani zomwe amamwa kapena kusuta, kuchuluka kwake ndi nthawi imene anayamba, ndipo pezani munthu mmodzi amene iye amamumvera, monga malume ake.

1. Lankhulani naye m'mawa asanamwe, muli awiri kapena atatu, osati pamaso pa ana kapena anthu oyandikana nawo nyumba.

2. Tchulani zomwe mwaona ndi maso anu, monga ufa umene wagulitsa kapena masiku amene wajomba kuntchito, popanda kumutchula chidakwa.

3. Pitani naye kuchipatala cha boma m'dera lanu, mukafunse wachipatala woona za matenda a maganizo. Ngati vutolo ndi lalikulu, angakutumizeni ku Zomba Mental Hospital, ndipo St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe imathandizanso anthu otere.

4. Apa ndi pamene mabanja ambiri amalakwitsa. Musamutsekere m'nyumba kapena kumumanga kuti asiye kachasu tsiku limodzi. Munthu amene wamwa kwambiri tsiku lililonse kwa nthawi yaitali akasiya mwadzidzidzi amatha kunjenjemera, kutuluka thukuta, kukomoka ngati wa khunyu ndi kuona zilubwelubwe m'masiku 3 oyambirira, ndipo ena amamwalira. Asiye achipatala akumuyang'anira.

5. Lekani kumupatsa ndalama m'manja ndi kumulipirira ngongole za kushabini. Mugulireni chakudya ndi sopo.

6. Akayambiranso, bwererani naye kuchipatala osamunyoza. Akanena zodzipha, thamangirani nayeko tsiku lomwelo.